Nsinga ya balestra ikatamuka chifukwa cha chinyezi, mumatani?

Akuluakulu odziwa za mauta a ku Italy, ndithandizeni. Ndikunena za balestra (uta wopingasa womangidwa pa thabwa) yaikulu ya pa mpikisano wa Palio della Balestra, umene matauni a Gubbio ndi Sansepolcro amapikisana atavala zovala zamakedzana, ku Gubbio Lamlungu lomaliza la Meyi, ku Sansepolcro Lamlungu lachiwiri la Seputembala.

Utawu ndi wachitsulo, wolemera, moti umakhazikidwa pa benchi ndipo nsinga amaikoka ndi martinetto, kachipangizo kopukusa ndi dzanja. Chandamale chili pa mamita 36. Vuto ndi lakuti kukachita chinyezi, nsinga ya ulusi wachilengedwe imasintha kulimba kwake, muvi n'kugwera pena osati pamene unagwera poyeserera. Pampikisano aliyense amaponya kamodzi kokha, ndiye palibe mpata wokonza.

Kodi phula la njuchi limatchinga chinyezi mokwanira, kapena mumapotanso nsingayo? Ngati mumapota, kangati, poti ikalimba kwambiri imatha kuduka?

Chinanso: onse amalasa chandamale chimodzi, mivi imaunjikana pakati, ina n'kuthyoka. Woponya chakumapeto alunjike pakati pomwepo, kapena afune kampata pambali pang'ono?