Malipiro athu kumunda, tiyambire pati?

Wakumunda: Abale thandizeni nzeru, atsikanafe timalima ndime zofanana ndi anyamata koma ndalama zathu zimachepa, tikufuna tipange gulu koma ena akuopa kuchotsedwa ntchito, tiyambire pati?

Mayi awiri: Achemwali musamapite mmodzimmodzi kwa kapitawo, amakuopsezani mosavuta. Lembani masiku ndi ndime zomwe mwalima mukabuku, aliyense asaine, kenako kapezeni a yuniyoni.

Kadziwe: Pangano la ILO (bungwe loona za ntchito padziko lonse) nambala 100 la 1951 limati ntchito ikafanana malipiro afananenso, kaya mkazi kaya mwamuna. Nde musaope.

Wotopa: Zamapepalazo chabwino koma kambani nawo nthawi yokolola abwana akusowa anthu, ife tinadikira ntchito ithe nde anangoti mudzabwere chaka chamawa, mpaka lero zii.