Kodi chitseko cha agogo chitsegulidwe kumapeto kwa nkhani?

Mlembi wa ku Ntcheu:
Ndikulemba nkhani yopeka yoopsa ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawerenga kwambiri. M'nkhaniyi muli chipinda cha kuseri kwa chigayo cha agogo aamuna chimene sichitsegulidwa, ndipo m'mibadwo itatu, mwana woyamba wa m'banjamo amangoti zii, osayankhulanso, akafika zaka 12. Anthu a m'mudzi amanong'onezana kuti agogowo anakhwimira chuma posandutsa mphwawo kukhala ndondocha. Kodi ndionetse ndondochayo kumapeto, kapena chitseko chikhalebe chotseka?

Mphunzitsi wopuma:
Ine ndikuti muionetse, ndipo musadikire kumapeto. Toni Morrison, mlembi wa ku America, anatero m'buku lake la Beloved la mu 1987, limene gwero lake ndi nkhani yoona ya Margaret Garner, mayi amene mu 1856 anathawa ukapolo ku Kentucky n'kuwoloka mtsinje wa Ohio, ndipo omusaka atamupeza ku Cincinnati anapha mwana wake wamkazi kuti asabwerere ku ukapolo. M'bukumo mwana wophedwayo amabwerera ndi thupi, amadya nawo pakhomo, ndipo amakonda zotsekemera. Komabe chimene chinandisowetsa tulo si mzukwawo ayi, koma Denver, m'bale wake wa wophedwayo m'bukumo, amene makutu ake anagontha kwa zaka ziwiri mnzake atamufunsa za zimene amayi ake anachita. Ana anu osayankhulawo ali pa njira yomweyo, choncho apatseni masamba ambiri kuposa chigayocho.

Mayi wa ku Area 25:
Aphunzitsi, pepani, pamenepo sindikugwirizana nanu. Ndondocha ikangooneka, owerenga athu adzati ndi nthano ya afiti ngati zina zonse, ndipo mantha adzathera pomwepo. Ndikanakhala ine, ndikanaonetsa agogo aakazi akuika kambale ka nsima pakhomo pa chipindacho madzulo aliwonse, m'mawa n'kukatsuka osauza munthu, kenako mwana wawo wamkazi n'kupitiriza mwambowo iwo atamwalira, osadziwa n'komwe amene akumudyetsa. Musiyenso mpata woti mwina munalibe ufiti, koma mwana wodwala misala amene banja linamubisa chifukwa cha manyazi. Musaiwale kuti kuno okalamba amaphedwa chifukwa cha mphekesera zoterezi.

Mlembi wa ku Ntcheu:
Zikomo nonse. Kambaleko ndakatenga, mayi, ndipo amene adzakapeze kali kopanda kanthu m'mawa wotsatira maliro a agogo aamuna ndi mdzukulu wa zaka 11.