Kodi ndimalize kaye digiri ndisanapite kukaima pa uphungu kwathu?

Mdzukulu wa Mtchona, Rosettenville

Akuluakulu ndi abale anga nonse okhala kuno ku Joni, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha nzeru zanu. Ndakhala mu Johannesburg muno zaka 11. Ndinafika ndi setifiketi ya MSCE yokha, ndinayamba ndi ganyu yosamalira maluwa pakhomo pa munthu, ndipo lero ndimalemba mabuku a ndalama pa kampani ina yaing'ono yonyamula katundu ku City Deep. Madzulo ndimaphunzira za kayendetsedwe ka ntchito za boma kudzera ku yunivesite ya UNISA, ndipo zatsala zaka ziwiri kuti ndimalize.

Mwezi wathawu a gulupu a kwathu ku Dedza pamodzi ndi azibambo ena anandiimbira lamya kundipempha kuti ndibwerere msanga ndikayambe kuonekera kwa anthu, chifukwa akufuna ndidzaime pa uphungu wa Nyumba ya Malamulo. Chimene chawakopa n'chakuti ndinathandiza kukonzetsa mijigo iwiri ndi kufolera chipinda chimodzi cha sukulu ya pulayimale. Amalume anga akuti sukulu ndi ya anthu ofuna kulembedwa ntchito, pomwe ndale zimafuna munthu wopezeka pamaliro ndi pazinkhoswe. Mayi a kunyumba akuti ndikasiya maphunziro panjira ndidzakhala phungu wongoombera anzake m'manja. Kodi maphunziro amamuthandiza chiyani kwenikweni munthu wofuna kutumikira anthu pa ndale? Ndidikire digiri, kapena ndimvere kuitana kwa mafumu?

Aphunzitsi Akale, Germiston

Achimwene, funso lanu landikumbutsa kuti njira imene mukuyendayo ena anaipondapo kale, ndipo inadutsa pomwe tikukhala pano. Dr. Hastings Kamuzu Banda adachoka ku Kasungu ali mnyamata, nadzagwira ntchito ya ukalaliki pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, mtunda wochepa kuchokera pamene ndikulembera pano. Mpingo wa African Methodist Episcopal (AME) ndi umene udamuthandiza kupita ku America mu 1925, kumene adaphunzira ku Wilberforce, kenaka ku yunivesite ya Chicago, n'kudzamaliza za udokotala ku Meharry mu 1937, asanapite kukawonjezera maphunziro ku Edinburgh. Pamene anyamata a chipani cha Nyasaland African Congress monga Henry Masauko Chipembere, amene adaphunzira ku yunivesite ya Fort Hare, ndi Kanyama Chiume, wophunzira ku Makerere ku Uganda, ankafuna munthu woti atsogolere nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, adasankha bambo amene adakhala kunja zaka pafupifupi 40, moti pamisonkhano ankalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira. Adatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 July 1958. Anthu akumudzi sadamudziwe ndi maliro kapena zinkhoswe ayi, adamukhulupirira chifukwa anali dokotala amene azungu sakadatha kumuderera.

Si iye yekha. John Chilembwe adapita ku America mu 1897, naphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerera mu 1900 chinthu choyamba chimene adamanga ku Mbombwe ku Chiradzulu chinali mishoni ndi masukulu. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo lidakula mpaka kugwedeza dziko la eni ake lino. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo onsewa sukulu ndi imene idawapatsa chilankhulo choyankhulira ndi olamulira, komanso maso oonera kuti thangata ndi msonkho si malamulo a Mulungu. Langizo langa ndi lakuti malizani. Zaka ziwiri si zambiri, ndipo mpando wa phungu suthawa.

Nangozo wa ku Mayfair

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, nkhani ya Kamuzu mwaidula pakati, ndipo mbali imene mwasiyayo ndi imene ikuyankha funso la achimwenewa. Dokotala yemweyo, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu mu 1964, adakangana ndi nduna zake zophunzira zija, ndipo Chipembere ndi Chiume adathera kunja kwa dziko. Mu 1971 adakhala pulezidenti wamuyaya. Orton Chirwa, loya amene adayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959, adaweruzidwa kuti aphedwe pamodzi ndi mkazi wake Vera mu 1983, m'khoti la mafumu limene silinkalola woimbidwa mlandu kukhala ndi loya, ndipo adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Munthu amene adamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki ndi yemweyo amene m'nthawi yake ophunzira ambiri adatsekeredwa m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Sukulu idamufikitsa pampando, koma siidamuphunzitse kumva mawu a womutsutsa.

Kunonso zitsanzo zilipo. Hendrik Verwoerd anali pulofesa ku Stellenbosch, ndipo ndi iye amene, ali nduna, adabweretsa lamulo la Bantu Education mu 1953 lofuna kuti mwana wakuda aphunzire zongomuyenereza kukhala wantchito wa mzungu. Mapeto ake ndi magazi a ana a sukulu a ku Soweto pa 16 June 1976. Thabo Mbeki, pulezidenti wakale wa dziko lino, adaphunzira zachuma ku yunivesite ya Sussex ku England, munthu wowerenga mabuku kuposa ambiri a ife, koma kukayika kwake pa nkhani ya HIV kudachedwetsa mankhwala otalikitsa moyo pamene anthu ankafa tsiku ndi tsiku. Kwathu, Bingu wa Mutharika, katswiri wa zachuma amene adatsogolerapo bungwe la COMESA, adatidyetsa ndi makuponi a fetereza m'zaka zake zoyamba, ndipo zimenezo sindingazikane, koma pofika mu 2011 tinkagona pa mizere ya mafuta, ndipo pa zionetsero za 20 July anthu pafupifupi 20 adaphedwa. Ine ndinali ku Lilongwe masiku amenewo, ndipo mpamene ndidaganiza zotola katundu wanga kubwera kuno.

Sindikunyoza sukulu, pakuti ana anga ndikuwalipirira ndi ndalama ya makina osokera. Ndikungoti achimwenewa asaganize kuti pepala la ku UNISA lidzawasandutsa mtumiki wa anthu. Ndikufunseni inuyo mwini nkhani: kodi munakhalapo m'komiti iliyonse imene anthu anakufunsani za ndalama zawo pamaso, kapena imene munagonja pa voti n'kubweranso ku msonkhano wotsatira? Ife a bungwe la maliro kuno timasonkha mwezi ndi mwezi kuti mnzathu akatisiya thupi lake likafike kumudzi, ndipo ndaona anthu a madigiri akuthawa usungichuma chifukwa amayi a Sitandade 8 awafunsa za malisiti.

Wa Zamalamulo, Braamfontein

Bambo, ndiyambe ndi zimene lamulo limanena, chifukwa ambiri amazisokoneza. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi safuna digiri kwa munthu woima pa uphungu. Amafuna kuti akhale nzika, akhale wa zaka zosachepera 21, akhale wolembetsa m'kaundula wa ovota, ndiponso azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti athe kutenga mbali pa zokambirana za m'Nyumba. Ngakhale wofuna upulezidenti safunsidwa digiri, koma zaka 35. Anzathu a ku Zambia ndi amene adaika setifiketi ya Grade 12 m'malamulo awo mu 2016. Choncho pa lamulo, inuyo ndinu woyenera kale lero lino kumbali ya maphunziro.

Koma kuyenera ndi kwina, kuigwira ntchitoyo ndi kwinanso. Anthu kumudzi amaona phungu ngati wogula mabokosi a maliro ndi wonyamula odwala pa galimoto, pomwe ntchito imene adzakulipirani ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ya dziko ndi kulondoloza mmene boma lagwiritsira ntchito ndalama. Mabuku a bajeti ndi okhuthala ndipo ndi odzaza ndi manambala, ndipo amene amawalemba ndi akuluakulu a ku Capital Hill amene akhala m'maofesimo zaka zambiri. Phungu wosatha kuwawerenga amadikira kuti mkulu wa chipani amuuze povotera. Kubedwa kwa ndalama kwa Cashgate kumene kudaululika mu 2013 kudachitika kudzera m'makompyuta olipirira a boma, ndi makampani olandira ndalama pa ntchito imene sadagwire. Wakuba wotereyo sagwidwa ndi mawu okweza pa msonkhano, amagwidwa ndi munthu wodziwa kufananiza chimene chidalipiridwa ndi chimene chidagulidwa. Apa mayi a kunyumba kwanu akunena zoona, ndipo ntchito yanu ya ku City Deep ndi sukulu kale.

Pa mfundo ya achemwali a Nangozo, ine ndikuona kuti atsogoleri amene adapirira ndi amene adaphatikiza mabuku ndi bungwe. Nelson Mandela adachoka ku Fort Hare mu 1940 asanamalize, chifukwa cha mkangano wa komiti ya ophunzira. Adafika mu Johannesburg muno mu 1941, nayamba ndi ulonda pa mgodi wa Crown Mines. Digiri yoyamba adaimaliza mwa makalata ku UNISA komweko kumene inu mukuphunzira, za malamulo ku yunivesite ya Wits sadazimalize, ndipo digiri ya zamalamulo ya LLB adadzaipeza mu 1989 akadali m'ndende. Komabe mu 1952 iye ndi Oliver Tambo anali atatsegula kale ofesi ya maloya ku Chancellor House mu Fox Street, kumene tsiku lililonse ankamva madandaulo a anthu omangidwa chifukwa cha ziphaso ndi olandidwa malo. Cyril Ramaphosa adaphunzira zamalamulo, koma luso lokambirana ndi adani adalinolera m'bungwe la ogwira ntchito m'migodi la NUM, limene adathandiza kuyambitsa mu 1982 ndi kulitsogolera pa sitalaka yaikulu ya 1987. Jacob Zuma, amene sadapite kusukulu ali mwana, adaphunzitsidwa ndi akaidi anzake pa zaka 10 zimene adakhala ku Robben Island, ndipo adafika pa upulezidenti mu 2009 chifukwa chodziwa anthu ndi chipani. Za mmene chuma cha boma chidayendera m'nthawi yake, komishoni yofufuza za katangale ya Zondo idatha zaka ikumva maumboni. Anthu a mbali zonse ziwiri za mkangano wanuwu amamutchula Zuma ngati umboni wawo, zomwe zimandiseketsa.

Chinthu china chimene a gulupu sadakuuzeni ndi chisankho chachipulula cha m'chipani, chimene chimadya ndalama kuposa fizi ya ku UNISA. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna mavoti, koma amene wakhalapo kumudzi nthawi ya kampeni akudziwa chimene anthu amayembekeza kwa munthu wochokera ku Joni. Muganizirenso za ukhansala. Khansala amakhala m'khonsolo ya boma, amagwira ntchito ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, ndipo mijigo ndi midadada ya sukulu imene mwayamba kale ili m'manja mwa khonsolo kuposa m'manja mwa Nyumba ya Malamulo.

Aphunzitsi Akale, Germiston

A Nangozo, mwandigwira pabwino, ndipo za Orton Chirwa sindingatsutse. Ndingowonjezera kuti maphunziro a ovota nawonso ali m'nkhaniyi. Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ife tidaphunzitsa makalasi a ana oposa 100 pansi pa mitengo. Ana amenewo ndi amene akuvota lero, ndipo ali ndi mafoni. Achimwene, mukadzaima pamaso pawo sadzakufunsani dzina la digiri, adzakufunsani kuti ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, zapita kuti.

Mdzukulu wa Mtchona, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse. Achemwali a Nangozo, funso lanu landichititsa manyazi, chifukwa yankho lake ndi lakuti ayi. Ndalama za mijigo ndinkangotumiza pa Mukuru kwa amalume, ndipo palibe amene anandifunsapo kanthu koma kundithokoza. Bungwe la anthu a kwathu lomwe limakumana ku Turffontein linandipempha chaka chatha kuti ndikhale mlembi, ine ndinakana ponena kuti mayeso andipanikiza. Ndawaimbira a wapampando madzulo ano kuti ngati malowo akadalipo ndiwatenga. A gulupu ndiwayankha kuti mu December ndikubwera, tidzakhale pansi ndi komiti ya VDC, koma sindikulonjeza za uphungu, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. A Zamalamulo, ndithandizeni pa chimodzi: kodi munthu amene wakhala kunja zaka 11 ayenera kukhala kumudzi nthawi yaitali bwanji kuti alembetse m'kaundula wa ovota wa dera lake, ndipo kodi chiphaso cha unzika chimene ndinapangitsa ku Lilongwe n'chokwanira?