Bambo akunyumba akumabwera ngati aledzera koma akulumbira kuti sakumwa, ndichite bwanji?

Membala wobisa dzina

A admin chonde mundibisire dzina, azilamu anga ali pagulu pompano.

Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Chibavi. Amuna anga ndi kalipentala, ali ndi kashedi kawo chakumsika wa matabwa ku Zigwagwa. Kale ankamwa, sindingabise. Nthawi ya masacheti ija ndinkachita kukutumula timapepala m'matumba a thalauza ndisanachape. Koma anasiya mu 2019 mwana wathu womaliza atabadwa, ndipo kuchokera pamenepo sindinawaonepo ngakhale ndi paketi ya Chibuku. Kutchalitchi anawapatsa mpaka udindo.

Vuto layamba mu Juni. Masiku ena, kawiri kapena katatu pa sabata, amafika cha m'ma 5 akudzandira, lilime litalemera, maso ali gwa ngati sakundidziwa. Ukawafunsa kanthu amakalipa, munthu woti sakalipakalipa. Malaya amakhala atanyowa ndi thukuta, ndiye mukudziwa mmene Mzuzu imazizirira mu Juni, ife tonse tili m'majuzi. Ndimangowapatsa nsima osalankhula zambiri. Akadya n'kukhala pang'ono, amabwerera mwakale, n'kuyamba kundifunsa kuti ndakwiyira chiyani.

Ndawafunsa maulendo osawerengeka. Amakana. Sabata yatha anatenga Baibulo n'kulumbira, misozi ikutuluka, ati ndikuwachititsa manyazi pa chinthu chimene anachisiya kalekale. Kununkhiza ndayesa, koma munthu wa vanishi ndi guluu tsiku lonse sungasiyanitse fungo. M'chikwama cha zida ndafufuza, mulibe kanthu. Kamnyamata kamene amagwira nako ntchito kakuti sikanawaonepo akumwa, koma nanga kangaulule abwana ake?

Chandipweteka kwambiri n'chakuti Lachitatu mwana wathu wa sitandade 4 anakuwa pamaso pa aneba kuti adadi aledzera. Apongozi ku Ekwendeni akuti alodzedwa ndi anzawo a mpikisano pa ntchito. Ine mutu waima. Ndiitane ankhoswe? Ndiwauze abusa? Nanga ngati akunena zoona?

Mayi wa ku Chiputula

Asisi musadzinamize. Chidakwa sichivomera, olo mutachipeza botolo lili pakamwa chimati chikuwasungira anzake. Anga ankabisa midoli m'thanki ya chimbudzi, pobwera n'kutafuna anyezi wosaphika. Kulira ndi kulumbirako ndi mbali ya masewerawo. Fufuzani kushedi, osati kunyumba.

Wakabaza wa ku Luwinga

Timawanyamula tsiku ndi tsiku anthu audindo kutchalitchi, amatsikira patali kuti asaoneke kumene achokera kkkk

Mayi wamvano

Musathamangire ankhoswe mwana wanga. Nkhani ikangofika kwa ankhoswe ndiye kuti yafika mudzi wonse, ndipo mwamuna akachita manyazi amauma mtima. Gwadani kaye, kenako mulankhule nawo m'mawa mutu uli bwino.

Namwino

Amayi, ndisananene chilichonse ndifunse: pali mankhwala amene bambowa amamwa tsiku lililonse? Ndipo masana amadya? Pali zinthu ziwiri mwalemba zimene zandiimitsa, thukuta nthawi yozizira, komanso kuti akadya nsima amachira. Munthu amene wakhuta kachasu sachira ndi mbale ya nsima pa mphindi 30.

Membala wobisa dzina

Eya, anawapeza ndi shuga chaka chatha. Amamwa metformin ndi kena kakang'ono koyera, pa paketi analemba glibenclamide. Sindinaganize kuti zikugwirizana. Za kudya masana, kale ndinkawalongedzera, koma chikwerereni zinthu amati angomwa tiyi m'mawa adzadyera kunyumba. Nthawi zina ngakhale tiyiyo amamwa wopanda shuga poti anawaletsa.

Namwino

Ndiye mvetserani bwino. Glibenclamide amakakamiza thupi kutulutsa insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Ndiye taganizani, munthu wamwa piritsi m'mawa, m'mimba muli tiyi yekha, kenako tsiku lonse akupala matabwa. Pofika madzulo shuga amatsika kwambiri, ndipo ubongo ukasowa shuga munthu amachita zonse zimene woledzera amachita: kudzandira, kulankhula mokoka, kukalipa, kunjenjemera, kusokonezeka. Thukuta lozizira lija ndiye chizindikiro chachikulu. Ambiri sakumbukira n'komwe zimene anachita, n'chifukwa chake amakufunsani kuti mwakwiyira chiyani.

Sindikunena kuti ndi zimenezi basi, sindinawaone. Koma n'zosavuta kutsimikiza. Pezani kamakina koyezera shuga, m'mafamase a m'tauni timapezeka, kapena mubwereke kwa wina wodwala shuga. Muwayeze nthawi yomweyo afika akudzandira, musadikire m'mawa. Nambala ikakhala pansi pa 70 pa makina a mg/dL, kapena pansi pa 3.9 pa makina a mmol/L, ndiye kuti shuga watsika. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, sungunulani masipuni atatu a tiyi a shuga m'madzi amwe, kapena theka la botolo la Fanta, mudikire mphindi 15 muyezenso, kenako adye chakudya chenicheni. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Agonekeni chammbali n'kuthamangira nawo ku chipatala cha Central.

Ndipo apite ku kiliniki kumene amalandira mankhwala akafotokoze zonsezi, kuphatikizapo zosadya masana. Asasiye kapena kuchepetsa mankhwala okha, adokotala ndiwo asinthe. Koma kudya masana kokha ayambe mawa, olo mbatata kapena nthochi ziwiri. Munthu ameneyu amagwira macheka.

China, mukadzaona pakamwa papotoka, kapena dzanja limodzi lafooka, imeneyo ingakhale sitiroko. Musayembekeze kuti kuche.

Mayi wa ku Chiputula

A namwino mukuwapatsa amuna pothawira. Mawa aliyense azidzati ndi shuga.

Namwino

Makina sanama amayi. Ndiponso zikhoza kukhala zonse ziwiri. Mowa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga, ndiye munthu wa glibenclamide akamwa ngakhale pang'ono m'mimba mulibe kanthu amagwa msanga kuposa anzake. Ndawaonapo anthu amene achibale anawasiya agone kuti mowa uphwe, pofika m'mawa zinthu zitaipa.

Bambo wa ku Katoto

Ndikuvomereza kuti si zonse zooneka ngati mowa zili mowa. Mchemwali wanga atayamba ma ARV nthawi ya 5A, mankhwala aja okhala ndi efavirenz, ankachita chizungulire n'kumayenda ngati wamwa, makamaka masabata oyamba. Apongozi ake anamunena zambiri, iye n'kumangokhala chete poti sankafuna kuulula za mankhwalawo. Atamusinthira ku ma ARV ena a 13A zinatha. A khunyu amene amamwa phenobarbitone nawonso ena amaoneka choncho.

Anasiya mu 2016

Ndilankhuleko ngati munthu amene ananamapo bodza lomweli. Ndinamwa zaka 14. Ndinasiya, ndinabwereranso kawiri, ndipo maulendo onse awiri ndinakana kwa mayi akunyumba mpaka kulumbira pa manda a bambo anga. Sikuti ndinkawaona ngati opusa. Ndinkaopa kuti ndikavomera ndiye kuti zaka zonse zimene ndinapirira zapita m'madzi, ulemu kutchalitchi watha, ana andiona ngati wolephera. Munthu amene anasiya n'kubwerera amakana mwamphamvu kuposa amene sanasiyepo.

Ndiye amayi, funso loti "mwamwa?" lisiyeni. Lili ndi yankho limodzi lokha ndipo mwalimva kale. Usiku musatsutsane nawo. M'mawa muwauze zimene munaona ndi maso, kuti dzulo munagunda chitseko, munalephera kumasula nsapato, mwana anachita mantha. Kenako munene kuti mukuopa ndipo mukufuna mupite limodzi kuchipatala. Ngati ndi shuga avomera mosavuta, poti nawonso akufuna dzina lawo liyere. Akakana ngakhale kuyezedwa chala, pamenepo mwaphunzirapo kanthu.

Zikapezeka kuti ndi mowa, ku St John of God konkuno ku Mzuzu amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo achibale amalankhula nawonso. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha kunyumba. Ine ulendo woyamba ndinagwa ngati wakhunyu tsiku lachiwiri.

Za mwanayo, muuzeni kuti adadi sakupeza bwino ndipo mukupita nawo kuchipatala. Limenelo si bodza, kaya yankho likhala liti.

Mtsikana wa ku Mzuni

Zoti alodzedwa zisiyeni kaye anti, ndalama ya asing'anga mugulire kamakinako.

Membala wobisa dzina

Ndabweranso, pepani ndinasowa. Kamakina ndinabwereka kwa amayi ena a kutchalitchi. Loweruka anafika momwemuja, ndinawagwira dzanja osafunsa kanthu, panalemba 51. Ndinawamwetsa madzi a shuga, pasanathe nthawi anayamba kulankhula bwinobwino. Nditawaonetsa nambalayo anangokhala pampando osayankha, kenako anati, "Ndiye miyezi yonseyi umandiyesa wabodza." Ndinasowa chonena. Lolemba tinapita ku kiliniki, awachotsera kapiritsi kaja n'kuwauza abwererenso pakatha masabata awiri, ndipo tsopano akunyamula chakudya.

Koma pali china. Dzulo ndinapita kushedi kukawasiyira kontena imene anaiwala, iwo atapita kukagula misomali. Kuseri kwa matabwa ndinaona timabotolo tiwiri ta midoli, topanda kanthu. Kamnyamata kaja kakuti n'take. Mwina n'takedi, kamaoneka kuti kamalawa. Sindinawafunse bambo ake a ana, poti ndangowapepesa kumene Loweruka.

Abambo amene munasiya mu 2016, pamenepa ndiyambire pati?