Kodi "kapirikoni" kwenikweni amatanthauza chiyani?

MwanaWaKuThyolo: Abale, ndithandizeni. Loweruka ku chinkhoswe ndimaseka mng'ono wanga amene wasiya timu yathu ya mpira, ndiye ndinati "iwe ndiwe kapirikoni". Amalume anaika kapu ya thobwa pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mphwanga, mawu amenewo anawotchetsa nyumba za anthu, usamasewere nawo." Mpaka lero mtima sukukhala m'malo.

Nangozo: Amalume anu anena zoona. Agogo anga ankasimba za 1959, Kamuzu atagwidwa pa 3 Malichi n'kupita naye kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero. Asilikali ankabwera usiku ali ndi mayina papepala, ndiye kukacha aliyense ankafunsa kuti wapereka mayinawo ndani. Kwathu anamuloza chala mlangizi wa zaulimi, yemwe anthu ankadana naye kale chifukwa chokakamiza mizere nthawi ya malimidwe. Umboni unali woti anamuona atakwera galimoto ya bwana DC, basi. Nkhokwe yake inapsa. Mkazi wake akafika pachitsime, amayi onse ankasenza mitsuko n'kuchoka. Mwana wawo atamwalira adzukulu anakana kukumba manda. Agogo akafika pamenepa ankangoti zii, chifukwa nawonso anali m'gulu la amayi ochoka pachitsime aja.

Mbewe wa ku Dedza: Mawuwa ndi Chichewa chenicheni. Ndi "kaphiri" ndi "kuona". Azondi ankakwera pakaphiri kuona kumene a Congress akuchitira msonkhano. Agogo anga anandiuza okha.

MphunzitsiWopuma: A Mbewe, pepani, si choncho. Kunali bungwe lotchedwa Capricorn Africa Society, analiyambitsa David Stirling mu 1949 ku Southern Rhodesia. Linkalalikira zoti mitundu igwirizane, koma voti ikhale ya anthu ophunzira ndi a katundu. Chitaganya chitakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuchikana, munthu wakuda aliyense wogwirizana ndi bungwelo ankaonedwa ngati wogulitsa dziko. Kenako dzinalo linangofalikira kwa aliyense wokayikiridwa: mfumu, mesenjala, ngakhale wovotera United Federal Party, chipani chofuna Chitaganya, mu 1961.

Mbewe wa ku Dedza: Aphunzitsi, agogo anga sanapite kusukulu, za Stirling akanazidziwira kuti? Kaphiri kake ndikukadziwa, kali kuseri kwa mudzi wathu.

WaKuChipata: Kuno ku Zambia mawuwa analiko. Agogo ankakhala ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950, ankati kunamveka mbiri yoti akapirikoni akuthira mankhwala m'shuga kuti anthu akuda asamabereke. Iwo anatha miyezi akumwa tiyi wopanda shuga. Ndiye kaphiri ka ku Dedza kanafika bwanji kuno, a Mbewe?

Mbewe wa ku Dedza: Ku Zambia mapiri kulibe kodi? Ine ndikuimabe pamawu a agogo.

Nangozo: Chimene chimandipweteka ine n'choti mlangizi uja palibe anatsimikiza kuti anaperekadi dzina la munthu. Banja lake linasamuka usiku, sitinamvenso za iwo.

MayiAAwiri: Ana a masiku ano zimenezi sadziwa n'komwe. Wanga wa folomu 3 ndamufunsa pompano, akuti mwina ndi nyenyezi za pa tsiku lobadwa zimene amawerenga pafoni. Mnzake akamuneneza kwa aphunzitsi amati "wandipanga snitch". Kazitape, mthirakuwiri, onsewa mawu athu, sawadziwa.

MphunzitsiWopuma: Nanga tiwadzudzule bwanji, mayi, pamene ifeyo tinasiya kuwakhazika pansi madzulo? Chiganizo chimodzi theka Chingerezi, ngakhale pa wailesi.

MwanaWaKuThyolo: Ndawaimbira amalume. Ndawafunsa ngati ankamudziwa wina amene anatchulidwapo dzinali. Akhala chete, kenako akuti ndipite ndekha kumudzi, zimenezi sizokamba pafoni.

Mbewe wa ku Dedza: Mukapita mukawafunsenso za kaphiri.