Zimbalangondo: chaukali ndi chiti, choopsa ndi chiti?

NaBanda, Ulónguè:
Akuluakulu, tithandizeni. Ana asukulu kuno akukangana ataonera kanema pafoni. Ena akuti chimbalangondo choyera chija cha kumalo a ayezi ndiye choopsa kuposa zonse, ena akuti grizzly, chachikulu chija cha ku North America. Zoona zake ndi ziti?

Phiri, Songo:
Mayi, anawo ayambe asiyanitsa ukali ndi kuopsa. Ndi nkhani ya mvuu ndi ng'ona mu Zambezi. Mvuu imagubuduza bwato chifukwa mwaiyandikira kapena ili ndi mwana, sikuti ikudyeni. Ng'ona ilibe phokoso, imangodikira padooko.

Mitundu ya zimbalangondo ilipo 8, ndipo mu Africa mulibe ndi umodzi womwe. Pa ukali, ine ndimaika patsogolo chomwe anawo sanachitchule n'komwe: sloth bear wa ku India, Nepal ndi Sri Lanka. Champhongo sichipitirira kwenikweni makilogalamu 145, ndipo chakudya chake ndi chiswe, nyerere ndi zipatso. Chimafukula chulu ndi zikhadabo, n'kulowetsa mlomo, n'kumayamwa chiswe mwaphokoso. Mano awiri apakati akumwamba chilibe, mpata umenewo ndiye podutsira chiswecho. Tsono chikakhala chitaweramira pachulu, poti maso ndi makutu ake si akuthwa, munthu amafika pafupi chisanadziwe. Chikadzidzimuka kawirikawiri sichithawa. Chimaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kulunjika kumaso ndi kumutu. Khalidweli ndi lomwe chimadzitetezera nalo kwa akambuku amizeremizere a m'nkhalango zomwezo, oti kuwathawa n'kungodzivuta. Ovulala ambiri ndi otola nkhuni ndi maluwa a mtengo wa mahua m'bandakucha. Mtima wake ndi wa chiuli, koma thupi ndi lalikulu kuposa la munthu.

Mbewe, Moatize:
A Phiri anena zoona. Ine ndiwonjezerepo za ku North America, poti kumeneko kusokoneza mitundu iwiri kumaphetsa.

Grizzly nthawi zambiri amaukira podziteteza: chachikazi chili ndi ana, kapena mwachipeza panyama yomwe chakwirira. Chikakufikani, gonani chafufumimba, manja mutapinga kukhosi chakumbuyo, miyendo mutatangadza kuti chisakugudubuzeni, chikwama chikhale kumsana komweko. Ambiri amalakwitsa podzuka msanga. Chimakhala chili chapafupi chikuyang'ana, ndiye mukangogwedezeka chimabwereranso.

Chakuda cha ku America n'chamantha, chimathawira mumtengo ngakhale chili ndi ana. Koma kafukufuku wa Stephen Herrero ndi anzake anapeza kuti kuyambira 1900 mpaka 2009 chinapha anthu 63, ndipo pafupifupi maulendo 9 mwa 10 alionse chinali chikusaka munthuyo ngati ndiwo. Zambiri mwa zimenezi zinali zamphongo zoyenda zokha. Chotere sichibangula, chimangokulondolani mwakachetechete. Kudzigoneka ngati wafa pamenepo ndi kudzipereka nokha. Menyani ndi mwala, ndodo, chilichonse, pamphuno ndi m'maso.

Musadalire mtundu wa ubweya, zakuda zina n'zofiirira. Grizzly ali ndi linunda pamapewa ngati nkhunzi ya ng'ombe, makutu aafupi ozungulira, ndi zikhadabo zakutsogolo za masentimita 5 mpaka 10.

NaBanda, Ulónguè:
Zikomo a Phiri ndi a Mbewe. Nanga choyeracho chagwera pati? Komanso mwana wina akuti iye akhoza kungothawa n'kukwera mumtengo.

Phiri, Songo:
Mwanayo mumuuze kuti grizzly amatha kuthamanga makilomita oposa 50 pa ola, pamene katswiri wa liwiro padziko lonse safika 45. Kuthawa kumachiputanso kuti chikuthamangitseni. Za mtengo, chakuda chimakwera kuposa mnyamata wokwera kukathyola mango.

Choyeracho ndiye ng'ona ya nkhaniyi. Champhongo chimalemera makilogalamu 350 mpaka 700, chimadya nyama pafupifupi yokhayokha, ndipo chikakhala ndi njala munthu chimamuona ngati chakudya basi. Anthu omwe chimapha ndi ochepa chifukwa kwawoko kulibe anthu ambiri, osati chifukwa n'chofatsa. Ku Svalbard, ku Norway, lamulo likuti wotuluka kunja kwa midzi anyamule chida choopsezera chilombochi, ndipo ambiri amanyamulanso mfuti.

Mbewe, Moatize:
Chida chomwe oyenda m'nkhalango za ku Canada ndi Alaska amadalira ndi kachitini kopopera ka mankhwala ochokera ku tsabola. Kamafika mamita 8 kapena 9, ndipo kamatha m'masekondi osakwana 10, ndiye simupopera chilombo chili kutali. Mumalozetsa pansi pang'ono kuti utsiwo ukumane ndi mphuno yake. Zolakwika ndi zitatu: kukasunga m'chikwama m'malo mwa pa lamba, kupopera molimbana ndi mphepo n'kudzitsamwitsa nokha, ndi kupopera patenti ngati mankhwala a udzudzu. Fungo la tsabola wotsalira pansalu limachiitana m'malo mochithamangitsa.