Gulu la banja: za masheya a migodi ndi kukumana kwa pa 27

Amalume: Mwadzuka bwanji nonse. Nkhani ziwiri. Kukumana kwathu chaka chino ndi Loweruka pa 27 Disembala, kwathu kuno ku Area 25. Yachiwiri ndi ija anayambitsa mkulu wanu wa ku Joni, yoti ndalama za m'thumba la banja tigulire masheya a kampani za migodi. Aliyense alankhuliretu pano, tsikulo tisadzakangane mpaka nyama kuzizira.

Achimwene aku Joni: Zikomo amalume. Ine mfundo yanga ndi imodzi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama zathu zinali chikhalire ku banki, zikusungunuka ife tikuyang'ana. Pomwe kwathu komwe ku Kasiya kwapezeka rutile amene akuti ndi wochuluka kuposa kwina kulikonse padziko, ndi graphite pamwamba. Azungu aku Australia ndi London akugula masheya a dothi la agogo athu, eni akefe tili manja lende.

Mayi aang'ono: Rutile ndiye chiyaninso ana inu? Ife kuno timangoona magalimoto akudutsa ndi anyamata ovala zipewa zolimba akuboola m'minda. Tinkayesa ndi mijigo.

Chitsirizira: 😂😂 Mayi, si mijigo. Ndi timchenga tolemera tosakanikirana ndi dothi. Amapangira utoto woyera wa penti, ndodo zowotcherera zitsulo, ndi chitsulo cha titanium cha ndege chija. Graphite ndi zakuda zija za mu pensulo, pano zikufunika kwambiri m'mabatire a magalimoto a magetsi.

Achimwene aku Joni: Ndipo si kampani yamasewera. Ndi Sovereign Metals. Rio Tinto, chimphona cha migodi, inagulamo 15 peresenti mu 2023, kenako inawonjezera kufika pafupifupi 20. Anthu amenewo sataya ndalama chisawawa.

Alamu aku Blantyre: Mwadzuka bwanji amalume, mayi, nonse. Pepani ndilowerereko ngakhale ndine mkamwini. Alamu, zonse mwanenazo ndi zoona, koma pali funso limodzi lomwe muzifunsa musanagule sheya ya mgodi uliwonse: kodi akukumba n'kumagulitsa, kapena akadali pa kafukufuku? Kasiya sinayambe kugulitsa. Songwe Hill ya Mkango Resources ku Phalombe sinayambe. Kanyika ya Globe Metals ku Mzimba yakhala ikutchulidwa zaka zambirimbiri. Kampani yosagulitsa kanthu siipereka dividendi, gawo la phindu lopita kwa eni masheya. Ikafuna ndalama imasindikiza masheya ena n'kugulitsa. Munali ndi sheya imodzi pa 100, mawa muli ndi imodzi pa 130, chonsecho simunagulitse kalikonse.

Msuweni wa ku Karonga: Koma Kayelekera yayambanso alamu. Lotus Resources yatulutsa uranium chaka chino cha 2025. Kuno zikuonekeratu, malole ali pikitipikiti pa msewu wa ku Chitipa, nyumba za lendi pa boma zikusowa.

Alamu aku Blantyre: Mwachita bwino kutchula Kayelekera, chifukwa phunziro lili pomwepo. Kampani ya Paladin inatsegula mgodi umenewo mu 2009. Mu 2011 kunachitika ngozi pa malo opangira magetsi ndi uranium ku Fukushima, ku Japan, mtengo wa uranium n'kugwa. Pofika 2014 mgodi unaima. Mu 2017 Paladin inalephera kubweza ngongole zake, ndipo pokonza zinthu masheya 98 pa 100 aliwonse anapita kwa okongoza ndi ena amene anaikamo ndalama zatsopano. Amene anagula kale anatsala ndi awiri pa 100. Miyala inalipo pansi nthawi yonseyo, siinathawe. Zinathawa ndi ndalama za anthu ang'onoang'ono ngati ife. Lotus inadzagula mgodiwo mu 2020, boma lili ndi 15 peresenti.

Msuweni wa ku Karonga: Eeh. Zoti awiri pa 100 ndiye zandizizira m'nkhongono.

Mayi aang'ono: Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ine ndalama za maliro zisakhudzidwe. Pa maliro a bambo anu aang'ono bokosi ndi galimoto zinachokera m'thumba lomweli tsiku lomwelo. Mukadati dikirani tigulitse kaye ku London?

Amalume: Mayi anu aang'ono anena zoona. Pamenepo ndatseka, palibe voti. Gawo la maliro ndi matenda likhala pomwe lili. Tikukamba za ndalama zapadera.

Achemwali aku Leeds: Pepani ndinali pa shifiti ya usiku, ndangowerenga zonse. Ndikuona dzina langa silinatchulidwe koma ndikudziwa kuti akaunti mukuganiza yanga 😅 Ndifotokoze. Pa msika wa masheya wa ku Blantyre palibe kampani ya mgodi ngakhale imodzi. Sovereign ndi Mkango zimapezeka pa msika wa masheya wa AIM ku London, ndikhoza kugula pa foni. Lotus, Globe ndi Lindian ya ku Kangankunde ku Balaka zili pa msika wa ku Australia, zimenezo zimafuna broka (wothandiza kugula ndi kugulitsa masheya) wina ndipo ndalama zodula zimakwera. Koma vuto langa si limenelo. Akauntiyo ikhala m'dzina langa ndekha. Msonkho ukabwera ubwera kwa ine. Mulungu asalole, nditamwalira, lamulo la kuno lidzati ndi chuma changa, cha amuna anga ndi ana. Mtengo ukagwa ndi theka, pa gulu pano mudzayamba kuti "aku Leeds adya ndalama". Ine ndimakudziwani.

Chitsirizira: Achemwali mwatiwombera tonse 🙈

Achimwene aku Joni: Ayi chemwali, ndani anganene zimenezo?

Achemwali aku Leeds: Inuyo achimwene. Oyamba.

Amalume: Hahaha. Iyi ndiye mfundo yeniyeni. Pakufunika pepala.

Alamu aku Blantyre: Pepala, komanso njira ya ndalama. Ife tili kumudzi kuno sitingangotumiza makwacha kunja kukagula masheya, pali malamulo a Reserve Bank, ndipo ndalama zakunja zikusowa ngakhale zogulira mafuta ndi mankhwala. Za msika wakuda tisayerekeze ndi ndalama za banja. Ine ndikuti tigawe pawiri. Amene ali kunja asonkhe kunjako, agule za migodi ngati akufuna. Ife a kuno tisonkhe makwacha tigule pa msika wathu kudzera kwa broka wovomerezeka, monga mabanki, Illovo kapena Airtel, zomwe zimagulitsa zinthu tsiku ndi tsiku. Buku likhale limodzi, losonyeza yemwe waika zingati ndipo kuti.

Achimwene aku Joni: Ndiye kuti a ku Kasiya enieniwo sapindula ndi Kasiya?

Mayi aang'ono: Ife tipindule ndi msewu, chipatala ndi ntchito za ana. Ndipo ngati adzafune minda, atilipire bwino ndipo atiuze msanga komwe tikalime. Zimenezo ndi zomwe timafunsa kumisonkhano ya kwa amfumu. Za masheyazo chitani inuyo ophunzira.

Msuweni wa ku Karonga: Ine ndikufuna ndikhale mbali zonse. Pang'ono pokha ku migodi, ndalama yoti itapita sindingagone ndi njala.

Alamu aku Blantyre: Ndiye muyeso wake umenewo. Ndipo tigwirizane zaka. Ya mgodi si ya banki mkhonde yoti Disembala tigawana. Osachepera zaka 5 osaikhudza, ndipo osamatumiza chithunzi cha mtengo pa gulu m'mawa uliwonse.

Achemwali aku Leeds: Ameni. Ndivomera pokhapokha pakhale pepala losainidwa ndi aliyense, amalume ndi mayi aang'ono akhale mboni, amuna anga aliwerenge, ndipo kugula kapena kugulitsa kuzichitika atavomera anthu atatu. Ndizitumiza sitetimenti miyezi itatu iliyonse, osati tsiku lililonse wina akalota.

Achimwene aku Joni: Chabwino, ndagonja theka. Koma pa 27 ndibwera ndi mapepala a Kasiya ndi Kangankunde osindikiza, muwerenge nokha. Alamu mubwere ndi anu a Paladin tidzaone.

Alamu aku Blantyre: Ndibwera nawo, pamodzi ndi mafomu a broka. Aliyense atenge chiphaso cha unzika ndi kopi yake.

Amalume: Tsopano za m'mimba. Mbuzi ndani?

Mayi aang'ono: Mbuzi ilipo kuno, tonde wofula, wonenepa. Koma si yaulere, ndinagula chimanga chodyetsa. Thobwa ndifulula ine. Wina abwere ndi galimoto Lachisanu, msewu wathu mvula ikagwa matola amakana.

Chitsirizira: Ndibwera ndi ya amalume akandibwereka 🙏

Amalume: Ubwera ndi msuweni wako, iye ndiye ayendetse. Iwe ugwira mbuzi kumbuyo.

Msuweni wa ku Karonga: 😂 Ndifika Lachinayi usiku ndi basi. Mpunga wa Kilombero ndi wanga, makilogalamu 20, musagule wina.

Achemwali aku Leeds: Ine ndilowa pa vidiyo. Ikhale 2 koloko masana, kuno ikhala 12, ndidzakhala nditadzuka. Za zakumwa ndi makala nditumiza kwa alamu. Chitsirizira, udzagule bandulo yokwanira, chaka chatha ndinangoona denga la amalume kwa ola lonse.

Amalume: Nkhani ya masheya tiyamba 2 koloko ikangokwana, mowa usanatsegulidwe. Banja lililonse K30,000 ya chakudya pa Airtel Money kapena Mpamba yanga pofika pa 15. Alamu, lembani pepala lija mutitumizire pano Lamlungu, m'Chichewa, kuti achemwali anga aliwerenge okha.

Alamu aku Blantyre: Ndamva amalume.

Mayi aang'ono: Zilembo zikhale zikuluzikulu. Ndipo wobwera Lachisanuyo atenge chingwe ndi zigubu ziwiri za thobwa, zanga zinapita ku chinkhoswe sizinabwerere.